Owerenga nsomba za m'madzi a mayiko atatu

Kasamalidwe ka nsomba kamayamba ndi kuwerenga. Pamafunika kudziwa kuchuluka kwa nsomba zimene zili m'madzi, msinkhu umene zimayambira kuswana, ndiponso mlingo umene asodzi angavuule chaka ndi chaka popanda kutha mbewu. Mlimi wa fodya pa Chamama amadziwa mbande zimene wawokera chifukwa amaziona ndi maso, ndipo munda wake uli ndi malire odziwika kwa amfumu. Nsomba sizioneka, sizikhala malo amodzi, ndipo gulu la usipa limene lagona kufupi ndi Nkhotakota likhoza kupezeka m'madzi a Mozambique mphepo ikatembenuka. N'chifukwa chake kafukufuku wa nsomba, kaya wa m'nyanja zamchere kaya wa m'nyanja ya Malawi, wakhala kuyambira pachiyambi ntchito imene akatswiri a mayiko osiyanasiyana amagwirira limodzi.

Chamama ili kutali ndi gombe, m'dera la Gogo Chalo Wimbe, chakum'mawa kwa Kasungu boma. Komabe pa tsiku la msika nyanja imafika pamenepa m'madengu ndi m'matumba. Amalonda ochokera ku madoko a ku Nkhotakota ndi Dwangwa amayala usipa m'milumilu pa chiguduli, wina wofutsa, wina wongoyanika pa thandala, ndipo pambali pamakhala bonya, utaka ndi matemba. Mayi wogula amayamba wanyamula kansomba kamodzi, n'kukathyola pakati kuti aone ngati kauma bwino ndiponso ngati kalibe mchenga, kenako n'kupempha basera. Kwa mabanja ambiri, makamaka a matenanti amene amakhala miyezi yambiri akudikira kuti fodya alowe ku okushoni, mulu umenewu ndiwo nyama imene amaikwanitsa. Chambo sachiona kawirikawiri. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya pafupifupi makilogalamu 14 a nsomba pa chaka, koma pofika zaka za m'ma 2000 mlingowo unali utatsika kupitirira theka.

Kumene luso lowerenga linachokera

Njira zowerengera nsomba zinayambira ku nyanja zamchere za kumpoto kwa Ulaya. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, zombo zoyendera malasha zitayamba kukoka makoka akuluakulu pansi pa North Sea, asodzi anaona kuti nsomba zikuchepa msinkhu. Dziko lililonse linkaloza chala linzake. M'chaka cha 1902 mayiko a m'deralo anakhazikitsa bungwe la ICES ku Copenhagen, ndipo anagwirizana chinthu chooneka chaching'ono koma chachikulu: onse aziyeza nsomba mofanana ndi kusonkhanitsa ziwerengero zawo pamodzi. Akatswiri anaphunzira kudziwa zaka za nsomba poyang'ana timiyala ta m'mutu mwake, timene timakhala ndi mizere yozungulira ngati ya pa chitsa cha mtengo. M'chaka cha 1957 Ray Beverton ndi Sidney Holt, amene ankagwira ntchito ku Lowestoft ku England, anatulutsa masamu osonyeza mmene kukula kwa maso a ukonde ndi kuchuluka kwa zombo zimasinthira zokolola za m'madzi. Masamu omwewo ndi amene pambuyo pake anadzagwiritsidwa ntchito pa chambo cha ku Mangochi.

Kukhala ndi akatswiri sikutanthauza kuti nsomba zapulumuka. Dzina loti bakayawo, limene Amalawi amatchulira nsomba youma yothira mchere, linachokera ku liwu la Chipwitikizi loti bacalhau, dzina la nsomba ya m'nyanja ya Atlantic imene Azungu ankaiyesa yosatha. Ku gombe la Newfoundland nsomba imeneyi inagwidwa kwa zaka pafupifupi 500, mpaka m'chaka cha 1992 boma la Canada linaletseratu kuigwira chifukwa inali itatsala pang'ono kutheratu. Anthu oposa 30,000 anataya ntchito. Ziwerengero zinalipo, koma zinkaonetsa nsomba zambiri kuposa zimene zinalidi m'madzi, ndipo machenjezo a asodzi a mabwato ang'onoang'ono, amene anayamba kale kuona kusintha, sanamveke.

Kuno kum'mwera kwa Africa, chombo chodziwika kwambiri pa kafukufuku wa m'nyanja zamchere ndi Dr Fridtjof Nansen, chimene dziko la Norway linapereka kuti chizigwira ntchito limodzi ndi bungwe la FAO kuyambira 1975. Chinayeza madzi a Mozambique m'zaka za 1977 ndi 1978, ndipo chayendera magombe ambiri a Africa chitanyamula akatswiri a mayiko eni madziwo. Chombo chachitatu cha dzina lomweli chinayamba ntchito mu 2017. Ku mbali ya kumadzulo, mayiko a Angola, Namibia ndi South Africa anasainirana pangano la Benguela m'chaka cha 2013 kuti aziyang'anira pamodzi nsomba za m'madzi ozizira amene amadutsa m'magombe awo onse atatu. Nsomba ya karapau yozizira imene imagulitsidwa m'mafiriji a m'matauni a Malawi, Zambia ndi Mozambique, yambiri imachokera kumeneko, ndipo boma la Namibia limaika mlingo wa chaka chilichonse potsatira zimene akatswiri apeza. Motero ngakhale dziko lopanda gombe la nyanja yamchere limadya zipatso za kafukufukuyu. Malawi inavomereza pangano la United Nations la malamulo a panyanja, la m'chaka cha 1982, mu 2010, ndipo pangano la SADC la zausodzi linasainidwa mumzinda wa Blantyre mu Ogasiti 2001.

Nyanja imene imachita ngati yamchere

Nyanja ya Malawi, imene a ku Tanzania amaitcha Nyasa ndipo a ku Mozambique amati Niassa, ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo pamalo ozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700. Pansi pa mamita 200 mpaka 250 madzi ake alibe mpweya, kotero nsomba zonse zimakhala m'chigawo chapamwamba. M'miyezi yozizira, mwera ukamawomba, madzi apamwamba amakankhidwira kumpoto ndipo kum'mwera kumatumphuka madzi apansi odzala ndi chakudya cha tizomera ta m'madzi. Ichi n'chifukwa chake Mangochi ili ndi nsomba zambiri kuposa Karonga. Nyanja ya makhalidwe otere imafuna zombo, makina ndi masamu a kunyanja zamchere, ndipo izi n'zimene zakhala zikubwera ndi alendo.

Kafukufuku woyamba waukulu anachitika mu 1939, pamene Kate Ricardo Bertram, John Borley ndi Ethelwynn Trewavas anayendera nyanjayi, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, mu 1945, kunabwera mtsikana wa zaka 24, Rosemary Lowe, amene anakhala zaka ziwiri akuyenda ndi asodzi, kuyeza ndi kutumbula chambo. Iye anasonyeza kuti chimene anthu a kumtunda amangochitcha chambo ndi mitundu ingapo, yoswana pa nyengo ndi pamalo osiyana. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenako n'kukawasiya m'madzi osaya a m'mabango. Khoka lokokedwa pagombe pa nyengo imeneyi limapha mayi ndi ana ake pamodzi ndi kufafaniza zisa. Malamulo otseka nyanja m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, komanso oletsa maukonde a maso ang'onoang'ono, mizu yake ili pa zimene iye anapeza.

M'zaka za m'ma 1950 maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia anakhazikitsa bungwe limodzi la kafukufuku wa nsomba, ndipo akatswiri ake, monga Geoffrey Fryer ndi T. D. Iles, anagwira ntchito ku Nkhata Bay. Pambuyo pake likulu la kafukufuku linasamukira ku Monkey Bay, kumene lidakalipo. Zombo zokoka makoka pansi zitayamba ntchito mu 1968, akatswiri a boma ndi a FAO anaona kuti m'zaka zochepa nsomba zikuluzikulu za pansi zinachepa ndipo zing'onozing'ono ndi zimene zinkadzaza makoka. Kuchokera m'zaka za m'ma 1970 boma linayamba kukhala ndi alembi m'madoko, amene amalawirira ndi sikelo ndi kope kukalemba zimene mabwato abwera nazo, komanso kalembera wa chaka ndi chaka wa asodzi, mabwato ndi zida. Ntchito ya anthu amenewa sitchulidwa kawirikawiri, koma popanda makope awo katswiri aliyense wochokera kunja sakanakhala ndi poyambira.

Phunziro lowawa kwambiri linachokera ku nyanja ya Malombe. Polojekiti ya chambo ya FAO ndi UNDP, ya pakati pa 1988 ndi 1992, inafika nsomba zitayamba kale kutha. Chambo chogwidwa ku Malombe chinatsika kuchoka pa matani oposa 8,000 m'chaka cha 1982 kufika pa matani mazana ochepa patangopita zaka 10. Nkacha ndi makoka a kambuzi, a maso ang'onoang'ono, zinkakokolola kasawala, ana a chambo, ndi kuzula udzu wa pansi umene anawo amabisalamo. Apa mpamene zinadziwika kuti lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingatsatidwe ngati eni doko sakuliona ngati lawo. Mu 1993, ndi thandizo la dziko la Germany ndi mabungwe ena, kunayambika makomiti a m'madoko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mphamvu kwa anthu a m'midzi kuti azitenga nawo mbali.

Zombo ziwiri: Usipa ndi Ndunduma

Nthawi imene mayiko atatu eni nyanja anagwiradi ntchito limodzi inali zaka za m'ma 1990. Polojekiti ya Britain ndi SADC, imene inakhazikika ku Senga Bay, inasonkhanitsa akatswiri a Malawi, Mozambique ndi Tanzania pa chombo chimodzi chotchedwa Usipa, ndipo chinkayenda nyanja yonse, kuyambira kum'mwera mpaka kumpoto, osaima pa malire. Chinkagwiritsa ntchito makina otumiza phokoso pansi pa madzi. Phokosolo likagunda kathumba ka mpweya kamene kali m'mimba mwa nsomba limabwerera, ndipo mphamvu ya kubwerera kwake imasonyeza kuchuluka kwa nsomba. Panyanja ino njirayi ili ndi vuto lakelake: mphutsi za nkhungu, tizilombo timene timatuluka m'madzi ngati utsi ndipo anthu a kumpoto amatiumba n'kupanga ndiwo, nazonso zili ndi timatumba ta mpweya, ndipo zimakwera pamwamba usiku. Akatswiri ankayenera kuponya ukonde kawirikawiri kuti atsimikize chimene makina akuona.

Lipoti la polojekitiyi, la 1995, linadabwitsa ambiri. Linati pakati pa nyanja pali nsomba pafupifupi matani 168,000, ndipo zochuluka kwambiri si usipa ayi, koma ndunduma, motsatiridwa ndi mcheni, nsomba za m'madzi akuya zimene bwato wamba silingazifike mosavuta. Usipa unapezeka wochepa pa nthawi iliyonse imene anayeza, koma umakula msanga, umaswana usanathe chaka, ndipo kuchuluka kwake kumasintha kwambiri chaka ndi chaka motsatira mphepo ndi chakudya cha m'madzi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa wogula wa pa Chamama, pakuti masiku ano usipa ndi woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Dziko likudalira kansomba kamene chaka china kamasefukira mpaka kuwolera pa thandala, chaka china n'kusowa, ndipo asodzi a chilimira, ndi siginala wawo woyatsa nyali usiku pa bwato, akuchulukirachulukira.

Chombo china, Ndunduma, chinachokera ku Iceland mu 1993. Iceland ndi chilumba chimene chuma chake chinamangidwa pa nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo ubale wake ndi Malawi unayamba mu 1989 pa nkhani za usodzi. Ndunduma ndiyo yakhala ikukoka khoka loyesera pamalo omwewomwewo kum'mwera kwa nyanja kuti akatswiri a ku Monkey Bay afananitse chaka ndi chinzake.

Dothi la ku Kasungu pansi pa nyanja

Kuyambira 1995 mpaka 2000 kunali polojekiti ina ya SADC, yothandizidwa ndi thumba la GEF komanso dziko la Canada, ndipo imeneyi inatembenuza maso a akatswiri kuchoka panyanja kuloza kumtunda. Harvey Bootsma, Robert Hecky ndi anzawo anayeza madzi a mitsinje yolowa m'nyanja, fumbi ndi mvula. Anapeza kuti mitsinje yodutsa m'madera olimidwa kwambiri, monga Linthipe ndi Songwe, imanyamula dothi ndi chonde chambiri kuposa yodutsa m'nkhalango, ndiponso kuti utsi ndi phulusa la moto wolusa wa m'chilimwe zimagwera panyanja n'kusintha chakudya cha tizomera ta m'madzi. Madzi ambiri a m'nyanjayi amachoka ngati nthunzi, ndipo mtsinje wa Shire umatulutsa ochepa chabe. Choncho chimene chalowa chimakhala momwemo kwa mibadwo.

Apa mpamene Chamama imaleka kukhala yongogula. Mvula yogwa m'zigwa za Kasungu imathera m'mitsinje ya Dwangwa ndi Bua, ndipo yonse iwiri imathira m'nyanja. Mitengo imene yadulidwa kuti amangire zigafa kapena kuwotchera fodya, minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje, ndi ziputu zotenthedwa posaka mbewa, zonsezi zimaoneka mu Januwale pamene Bua amafika kunyanja ali wofiira. Matope amenewa amachepetsa kuwala m'madzi, amakwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya, ndipo amatseka timiyala ta m'mitsinje timene mpasa ndi sanjika zimaikirapo mazira zikakwera kuchokera kunyanja. Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa udakakwerabe, makamaka chifukwa chakuti chigawo chake chakumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Mlangizi amene amalimbikitsa akalozera, udzu wa vetiva ndi kusiya mitengo m'mbali mwa mitsinje pa Chamama akugwira ntchito ya zausodzi, ngakhale kuti iye ndi a ku Monkey Bay sakumana kawirikawiri.

Mitsinje imanyamulanso matenda. Mu 2020 nsomba za m'madamu ndi m'mitsinje ya ku Mchinji, m'chigwa chomwecho cha Bua, zinayamba kutuluka zilonda, ndipo boma linaletsa kwa kanthawi kugwira ndi kugulitsa nsomba m'deralo. Matenda amenewa, otchedwa EUS, anali ataoneka kale mumtsinje wa Zambezi ndi Chobe cha m'ma 2006 ndi 2007, ndipo zimene akatswiri a mayiko a kumeneko ndi a FAO anaphunzira ndi zimene zinathandiza Malawi kuwazindikira msanga.

Mpata umene udakalipo

Vuto la mgwirizano wa panyanja ya Malawi ndi lakuti wakhala ukubwera ngati polojekiti: ndalama zikatha, alendo amapita, chombo chimasowa mafuta, ndipo dziko lililonse limabwerera ku makope ake. Nyanja ya Victoria ili ndi bungwe lokhazikika la zausodzi kuyambira 1994, likulu lake ku Jinja. Mayiko anayi a nyanja ya Tanganyika anasainirana pangano mu 2003 ndipo ali ndi ofesi ku Bujumbura. Nyanja ya Malawi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ilibe bungwe lotere. Mkangano wa malire pakati pa Malawi ndi Tanzania, umene mizu yake ili pa pangano la Britain ndi Germany la 1890 ndipo unabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta, wachititsa kuti ngakhale dzina lenileni la nyanja likhale lovuta kulemba pa chikalata chimodzi. Zokambirana zimene anatsogolera mtsogoleri wakale wa Mozambique, Joaquim Chissano, sizinathetse nkhaniyi. N'zomvetsa chisoni kuti nkhani ya malire, imene ingadikire, yachedwetsa nkhani ya nsomba, imene singadikire.

Zotsatira zake zikuoneka. Malawi imaletsa kuweta nsomba zachilendo m'chigwa cha nyanjayi pofuna kuteteza chambo, koma mu 2013 Martin Genner ndi anzake, kuphatikizapo akatswiri a ku Tanzania, analengeza kuti apeza nsomba ya Nile tilapia m'madzi a mbali ya Tanzania ya chigwa chomwechi. Nsomba imeneyi imalanda malo ndi chakudya cha abale ake a chambo, ndipo ikhoza kuswana nawo n'kusokoneza mtundu. Ikangolowa m'nyanja palibe lamulo la dziko limodzi limene lingaitulutse. Chimodzimodzinso ndi nyengo yotseka: ngati mbali imodzi yatseka ina ili yotsegula, msodzi womvera lamulo ndiye amaluza. Mozambique inakhazikitsa malo otetezedwa kumbali yake ya nyanja mu 2011, ndipo Malawi ili ndi paki ya ku Cape Maclear kuyambira 1980, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, koma malo awiriwa amayendetsedwa payekhapayekha. Mu 2018 bungwe la IUCN linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, ndipo linapeza kuti 9 mwa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu chotha, kuphatikizapo mitundu itatu ya chambo.

Luso lakunja silinapeze nyanja yopanda eni. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo chiyambire zaka za m'ma 1950, ndi miyambo yake yotsegulira ndi malamulo a khalidwe pachilumbapo, ndipo utaka wa kumeneko umadziwika ndi kukula. Ofufuza a m'mayunivesite a Malawi ndi a kunja akhala akupita kukaphunzira chifukwa chake lamulo la mfumu limamveka pamene la boma limazembedwa. Mbadwo watsopano wa akatswiri Achimalawi, ophunzitsidwa ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku sukulu ya zausodzi ya Mpwepwe ku Mangochi, ndi umene tsopano ukulemba zambiri za kafukufukuyu, ndipo anzawo ali ku Kyela ku Tanzania ndi ku Metangula ku Mozambique, kumene mayiko awiriwo ali ndi malo awo ofufuzira nsomba za nyanja yomweyi. Malo atatuwa, Monkey Bay, Kyela ndi Metangula, amayeza usipa umodzi, koma aliyense ndi njira yake ndi ndalama zake, ndipo ziwerengero zawo sizinayambe kusonkhanitsidwa chaka ndi chaka m'buku limodzi monga mmene mayiko a North Sea anayambira kuchitira mu 1902.